Masuku pa Khoma la Butchala

Buku lija linalibe chikuto.
Chiswe chinadya dzina la mwini wake,
n'kusiya zilembo zitatu zokha.
A Gelevaziyo Mbewe analipeza m'shedi ya akalipentala ku mishoni
litachirikiza mwendo wa tebulo logwedera,
iwo ali kamnyamata kosesa utuchi.

Munali zojambula za Mfalansa wina wakalekale:
mphesa zopotana, nkhono, nthenga,
tiana tonenepa ta mapiko titanyamula kalilole.
Wansembe wina wokalamba anawauza kuti munthuyo
ankazokota mkuwa ndi kachitsulo kosongoka,
kukometsera olemera mabuku awo, madenga awo,
ngakhale zigwiriro za masupuni,
koma pomwalira anasiya ngongole ya makandulo.
A Gelevaziyo anaseka.
Ameneyo ndi mbale wanga, anatero.

Anayamba ndi makala kuseri kwa bafa,
kenaka penti wotsalira m'zitini za ena,
burashi yake ubweya wa kumchira kwa mbuzi
womangidwa ndi waya wa matayala.
Ntchito yoyamba inali butchala ya ku Kapata.
Mwini wake ankafuna ng'ombe basi.
Atapeza ng'ombeyo itazingidwa ndi mphesa
anati, Zanga sizidya zimenezi,
nawalipira theka la kilo ya chiwindi.

M'mawa mwake anafufuta mphesa zija
napachikapo masuku, nthudza, maluwa a thonje.
Kamwana kaja anakathothola mapiko,
kanasanduka kamnyamata ka ku Mchini
kosenza mtolo wa nzimbe.

Basi, mbiri inayenda ndi fumbi la mu Ogasiti.
Amwenye a ku Dauni Shopu anawaitana,
osoka zovala, ometa tsitsi,
anyamata a njinga zonyamula anthu
ofuna duwa pa matigadi.
Basi ya ku Lundazi inanyamula nkhanga zawo zisanu
zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka inagwa pa mlatho.
Anajambulanso m'kabuku ka ana a giredi wanu,
mayi wopeta mtedza, galu wogona pa phulusa,
koma dzina lawo osindikiza analiiwala.

Tsiku lina mkazi anatsika galimoto ya ku Mwami
atavala chitenje cha masuku ndi nthudza,
zopotana ndendende ngati za pa khoma lija.
Anamutsatira mpaka pa msika, osayankhula.
Pobwera anangoti, Alakwitsa tsamba lachitatu.

Ine ndinali wotsuka maburashi m'palafini,
wogwira makwerero, wosakaniza chikasu.
Ankandimenya chala ndikathamangitsa mzere.
Mzere ndi njoka, Tisiyenji, ankatero,
usiye upite kumene ukudziwa.

Kenaka kunabwera makina osindikiza pa pulasitiki.
Ola limodzi, chikwangwani chatha,
nkhope ya mzungu wometa bwino
pa khomo la wometa wa ku Nabvutika.
Maso awonso anachita nkhungu.
Chomaliza kujambula chinali mtanda wa mnzawo,
zilembo zikutsetsereka ngati ng'ombe zotsika phiri la Kanjala,
m'mphepete mwake kaduwa kamodzi
komwe wamasiye sanapemphe.

Anasiya ngongole ya malita awiri a penti woyera.
Ndinabweza ine.

Lero butchala ija amagulitsamo mafoni.
Khoma analipaka lonse mtundu umodzi wa kampani,
koma mvula ya chaka chino yalisenda pakona,
ndipo suku limodzi latulukira,
lofiirira, lakupsa, tsamba lachitatu lili m'malo mwake.
Ndimadutsapo popita kogula palafini.
Buku lija lili kwanga, m'chitini cha mabisiketi.
Sindidziwabe dzina la Mfalansayo.
Pansi pa zilembo zake zitatu
ndalembapo ziwiri ndi pensulo,
G ndi M,
ndipo chiswe chikadzafika, chidzadye onse pamodzi.